Nambala ya Manda a Luwiza

Joakimu ndi Marita, ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa mulibemo kanthu koposa mbuzi ndi njala. Za kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi amayi anu anakufotokozerani kale kangapo, nthawi zina mothira mchere. Ine ndiyambira pa ntchito. Ndikulemba tsopano pamene ndapuma, maso asanatheretu, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ndinalakwa, ndipo ochidziwa bwino tilipo awiri okha, ine ndi amayi anu. Mumandidziwa ngati munthu amene anajambula theka la anthu a m'boma lino, ndipo nzoona. Koma muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kunyada.

Zobue, 1993 mpaka 2000

Tinabwerera kwathu mtendere utasainidwa, titakhala pamwamba pa mitolo m'malole. Aliyense wobwerera ankafunika bilyeti, chiphaso chija chosonyeza kuti ndiwe nzika, ndipo bilyeti silituluka popanda chithunzi. Ine kujambula ndinali nditaphunzira kutsidya, kwa mkulu wina wa pamsika amene ndinkamunyamulira chikwama. Ofesi yolembetsa anthu pa Zobue itamva kuti pali wobwerera wodziwa kugwira kamera, inanditenga sabata lomwelo. Abwana anga oyamba anali Shefi Kaetano, munthu wamfupi, mphunzitsi wakale, wokhosomola chaka chonse koma wosavomera kuti akudwala. Pa anthu onse amene ndawagwirirapo ntchito, ndi iwo okha amene ndimawasowa.

Vuto lathu linali filimu. Inkabwera ndi madalaivala a malole pamene akumbukira, ndipo kawirikawiri sankakumbukira. Mzere wa anthu unkayambira pakhonde n'kukafika kumsewu, ine ndili ndi mpukutu umodzi. Tsiku lachitatu Shefi Kaetano anandiitana n'kunena kuti, "Zakariya, ukajambula mmodzimmodzi tidzatha ntchitoyi zidzukulu zako zitamera ndevu. Boma silikufuna mapewa, silikufuna mimba, silikufuna mapazi. Likufuna nkhope. Khazika anthu asanu pa benchi, pachika nsalu yoyera kumbuyo, ujambule kamodzi. Zikatuluka, tenga sizasi." Nsalu yoyerayo inali ya pabedi pa amayi anu, ndipo mpaka lero akakwiya amaitchula. Choncho ndinaphunzira ntchito ya moyo wanga wonse: kujambula zambiri, kudula nkhope, zotsalazo kutaya. Masana alionse pansi pa tebulo langa pankadzaza mapewa ndi manja a anthu, ndipo ndinkasesa n'kukataya kudzala osaganiza kalikonse.

Mwa anthu a pa benchi lija munali mayi wina wachitsikana, Mai Rozalina, wobereka khanda. Pamene ndinkadina, mwanayo anasuzumira paphewa pa amake. Atabwera kudzatenga bilyeti lawo anayang'ana kachithunziko n'kufunsa, "Nanga mwana wanga sanatuluke?" Ndinayankha mwanthabwala kuti anatuluka bwinobwino, maso ali gwaa, koma ndinamudula chifukwa boma silinamufune. Anaseka n'kuti, "Palibe kanthu. Luwiza adzajambulitsa yekha akadzakula." Ndinaiwala nkhaniyo asanafike n'komwe pamsewu.

Pali chinthu china chimene muyenera kuchidziwa, apo ayi zimene ndinachita pambuyo pake simuzimvetsa. Kumsasa tinalibe mayina. Pa tsiku lolandira chakudya ankaitana nambala ya khadi, ndipo ine ndinavomera nambala zaka zisanu ndi ziwiri, ngati ng'ombe yodindidwa. Nditabwerera ndinalumbira kuti sindidzaitananso munthu ndi nambala. Pa mzere wa pa Zobue ndinkaitana dzina ndi mfunda womwe, ngakhale kuti kutero kunkachedwetsa ntchito. Shefi Kaetano ankandilola. Nawonso anali atavomerapo nambala.

Moatize, 2001 mpaka 2009

Shefi Kaetano atamwalira anandisamutsira ku Moatize, ku ofesi yoona za chikhalidwe, ndipo tinapeza nyumba ija ya m'dera la tauni lotchedwa bairo la 25 de Setembro, imene munakuliramo. Abwana atsopano anali Shefi Domingo, wokonda tayi ndi maikolofoni. Sanali munthu woipa, kungoti ankaopa aliyense wokhala pamwamba pake ndipo sankaona aliyense wokhala pansi pake. Ntchito yanga inali kujambula misonkhano, magule ndi alendo. Filimu inkasowabe, koma iwo sankafuna kumva zimenezo. "Ingowalitsani, a Zakariya," ankatero, "alendo aone kuti tili ndi wojambula." Ndiye ndinkayendayenda kutsogolo kwa akuluakulu ndi kamera yopanda kanthu m'kati, kuwalitsa, iwo akukonza makolala. Pali anthu m'tauni muno amene mpaka lero akudikira zithunzi zawo za nthawi imeneyo.

Kenako kunabwera kamera yosafuna filimu, yokhala ndi kakhadi kamodzi, ndi kompyuta imodzi yakale yosiyidwa ndi ofesi ina. Ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, ndi chala chimodzi. Kakhadiko kakadzaza ndinkatsanulira zithunzi mu kompyuta, n'kukafufuta kuti kalowe zina. Nthawi yomweyo migodi ya malasha inadzukanso. Malole anachuluka, alendo anachuluka, ndipo fumbi lakuda linayamba kugona pa zovala zoyanika ndi pa mano a ana.

Kufupi ndi Mithete, 2010

Mgodi utafuna malo, midzi inayenera kusamuka, ndipo amoyo sangasamuke n'kusiya akufa. Ntchito yosamutsa manda a mudzi wina wa kufupi ndi Mithete inapatsidwa kwa kakampani kena kakang'ono, ndipo kakampaniko kanandibwereka kwa Shefi Domingo kwa masiku anayi. Dongosolo lake linali lotere. Pa manda alionse ankaimika wachibale mmodzi, atagwira pachifuwa sileti ya ana asukulu yolembedwa nambala ndi choko. Ine ndinkajambula. Kapitawo wa kakampaniko ankalemba nambala ndi dzina la womwalirayo m'buku lake lalikulu, n'kupereka kapepala kwa mwamuna wamkulu wa banjalo. Kumanda atsopano, mtunda wautali kuchokera pamenepo, ankakaika kamwala ka simenti kolembedwa nambala yokha. Mayina anati adzalemba pambuyo pake.

Ntchito imeneyo ndinadana nayo kuyambira chithunzi choyamba. Anthu aulemu wawo, ena aimvi, ataima padzuwa ndi nambala pachifuwa ngati ogwidwa akuba. Ndinkadina mwamsanga kuti atsitse msanga siletiyo.

Tsiku lachiwiri masana tinafika pa mzere wa manda a ana. Mayi wina atagwira sileti anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Kodi si inu a Foto a ku Zobue? Munandijambula pa benchi, mwana ali kumsana." Anali Mai Rozalina. Anandiuza kuti anasamukira kuno kutsatira mlongo wawo Bernado, amuna awo atamwalira. Ndinafunsa ngati mwana uja anakula. Analoza pansi ndi chibwano, chifukwa manja onse anali pa sileti. "Uja munamudula uja ndi uyu. Anafika zaka khumi ndi ziwiri, malungo anamutenga. Sanajambulitsenso." Ndinadina, iwo anabweza sileti, kapitawo anafufuta ndi chikhato n'kulemba nambala yotsatira.

Tsiku lofukula azimayi sanaloledwe kuyandikira, monga mwa mwambo. Amuna okha ndiwo anakwera lole limodzi ndi timabokosi. Kapepala ka manda a Luwiza anatenga ndi a Bernado. Ine ndinatsanulira zithunzi zonse mu kompyuta ya ku ofesi, ndipo zinagona m'menemo zaka zisanu ndi chimodzi.

Moatize, 2016

Pafupi ndi ofesi yathu panali zipinda ziwiri zimene tinkazitcha muzeu. Munali makasu akale, nyale za m'mgodi za nthawi ya atsamunda, ng'oma yong'ambika, ndi buku la alendo limene ambiri osainamo tinali ife tomwe. Chaka chimenecho bungwe lina linati lithandiza kuti muzeu ukhale ndi chionetsero cha zithunzi pa intaneti, kuti munthu wa kulikonse azitha kuona nkhope za anthu amene anasamutsidwa. Anatumiza mayi wina wa ku Beira wodziwa kukonza masamba a pa intaneti, Dona Selesiti. Tinkalankhulana m'Chipwitikizi, koma ankayesetsa kupereka moni m'chinenero chathu, ndipo ankalakwitsa mosangalatsa.

Ndinene zoona, masabata atatu amenewo ndiwo anali okoma koposa pa ntchito yanga yonse. Kwa nthawi yoyamba munthu anakhala pansi n'kuyang'ana zithunzi zanga chimodzichimodzi, osafunsa ngati tayi yake yaoneka. Tinkajambula tsambalo papepala kaye ndi pensulo: khomo lolowera apa, nkhope zazikulu pakati, mawu ochepa pansi pake m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja. Iye ankafuna kumbuyo kwakuda. Ine ndinati zakuda tili nazo zokwanira m'mphuno, ndipo anagonja, tinaika koyera ngati nsalu ija ya amayi anu. Anandiphunzitsa kuti zithunzi ziyenera kupepuka kuti zizitseguka pa foni yotsika mtengo ya kumudzi, osati pa makompyuta a ku Maputo okha. Anandiphunzitsanso kudula chithunzi ndi kabokosi kokoka ndi dzanja. Ndinaseka, ndinati sizasi imeneyi ndinaidziwa iye ali ku pulayimale.

Tinasemphana pa zithunzi za kumanda. Iye ankafuna zituluke momwe zinalili, sileti ndi nambala yomwe. "Senyoro Zakariya, nkhani yonse ili pa siletipo," anatero. "Munthu akaiona adziwa chimene chinachitikira anthuwa." Ine ndinamuuza kuti iye sanavomerepo nambala, ine ndinavomera. Ndinati anthu awa si akaidi, ndipo sindingalole kuti dziko lonse liwaone ngati akaidi. Ndinati pansi pa nkhope iliyonse tiike dzina la munthuyo ndi mfunda wake, pakuti ambiri ndinkawadziwa, ndipo nambala ichoke. Shefi Domingo anandichirikiza, koma pa chifukwa chawo: akuluakulu a migodi anali oitanidwa pa tsiku lotsegulira, ndipo sankafuna kuti wina akhumudwe. Aka kanali koyamba kuti ine ndi iwo tikhale mbali imodzi, ndipo zimenezo zokha zikanayenera kundichenjeza. Dona Selesiti anakweza manja n'kuti, "Chabwino, zithunzi ndi zanu. Dulani. Koma zoyambirira musunge bwino."

Ndinadula chimodzichimodzi, pamwamba pa sileti penipeni, ndipo ndinkamva kukoma. Chilichonse ndinachipatsa dzina la mwini wake m'malo mwa nambala ya kamera. Ndinkadziona ngati ndikuwabwezera anthu ulemu umene ndinathandiza kuwalanda. Dona Selesiti anatenga zodulidwazo, zopepuka kale, n'kubwerera ku Beira kukamaliza tsambalo.

Kutatsala masiku awiri kuti titsegule, kompyuta inakana kulandira kalikonse. Inali itadzaza, ndipo kakhadi ka kamera nako kanali kodzaza, pamene mwambo wotsegulira unkafunika kujambulidwa. Ndinapempha Shefi Domingo kachipangizo kosungirako zinthu. Anati ndilembe kalata, iona bwino chaka chamawa. Ndinakhala kutsogolo kwa kompyutayo n'kuona kuti zodya malo kwambiri zinali zoyambirira za kumanda. Mawu a Dona Selesiti ndinawakumbukira, sindinganame kuti ndinaiwala. Koma ndinadziuza kuti nkhope ndili nazo, mayina ndili nawo, manambala ali m'buku la kapitawo ndi pa timapepala ta mabanja. Zotsalazo anali mapewa ndi manja, zimene ndakhala ndikusesa moyo wanga wonse. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndipo ndinavomera.

Pa tsiku lotsegulira tsambalo linaoneka pakhoma, anthu anaomba m'manja, ndipo Shefi Domingo analankhula ola lathunthu. Dzina langa analitchula kamodzi, molakwitsa.

Moatize, 2017

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale agalu sauwa. Ndinapeza mayi atakhala pansi pakhonde la muzeu, miyendo yotupa atatambasula. Anali Mai Rozalina, atatheratu. Titapatsana moni anandifotokozera. Kumalo atsopano kunali miyala, madzi kutali, ndipo atangosamuka anadwala n'kupita kwa abale ku Zobue, komwe anakhala zaka zonsezi. A Bernado anamwalira iwo ali komweko, ndipo kapepala kaja palibe anakaona, kaya kanadyedwa ndi chiswe, kaya kanapita ndi zovala za maliro. Atabwerera anapita kumanda n'kupeza mizere ya timiyala tofanana, manambala okhaokha. Mayina sanalembedwe.

"Akatekisiti anandionetsa nkhope yanga mu foni," anatero. "Ndinati basi, Mulungu wandiyankha, a Foto akadali nacho chithunzi chija. Ndabwera kuti mundiwerengere nambala."

Ndinafunsa, mopusa, ngati iwo sakuikumbukira.

"Ndikanaiona bwanji, bambo? Sileti ndinagwira ndine, koma inkayang'ana kwa inu."

Ndinati andipatse sabata, makina amafuna nthawi. Anavomera mosavuta. Anati akufuna pofika tsiku lachiwiri la Novembala, pamene Akatolika amakasesa kumanda, akaike mtanda pa mwana wawo, chifukwa sakudziwa ngati Novembala wina adzamuona.

Sabata limenelo ndinayenda ngati wamisala. Kakampani kaja kanali katatha kalekale, ndipo pamene panali ofesi yake ankagulitsapo matayala. Kapitawo ena anati anapita ku Nampula, ena anati anafa. Kumaofesi ankanditumiza chitseko ichi ndi icho, mpaka wina anandionetsa chipinda cha makatoni onyowa ndi mvula, mapepala atamatana ngati chikondamoyo, n'kuti ndifufuze ndekha. Ndinafufuza masiku awiri, bukulo munalibe. Ndinaimbira Dona Selesiti. Nditamufotokozera anati, "Ndili ndi zodulidwa zokha. Si ndinakuuzani kuti musunge?" Sanawonjezere mawu ena, ndipo kukanakhala bwino akanandilalatira. Ndinapita ndi kompyutayo kwa wokonza mumsika, amene anati pamwamba pa zofufutidwazo palembedwa kale zina. Zinazo zinali zithunzi za Shefi Domingo akulankhula.

Chimene ndinapeza chinali chimodzi, m'kabuku kanga ka m'thumba ka chaka chija. Ndinali nditalemba kuti tsiku lachiwiri masana, mzere wa ana, 40 mpaka 47. Luwiza anali mmodzi mwa asanu ndi atatu amenewo. Ndinayesa kufunafuna mabanja enawo kuti mwina timapepala tawo tichepetse chiwerengero, koma anthu anali atamwazikana, ena ku Tete, ena ku Malawi, ndipo awiri amene ndinawapeza nawonso ankayembekezera kuti tsiku lina adzafunsa ine.

Ndinafotokozera Shefi Domingo. Anatseka chitseko kaye. "A Zakariya, nkhani iyi isatuluke, itiipitsira dzina kwa otithandiza. Mayiyo sadziwa kuwerenga. Lozani amodzi, atonthole mtima, apite. Ndani adzatsutse?" Kunyumba amayi anu ananena zosiyana. Anali akusankha nyemba, ndipo sanadzutse mutu. "Atate a Joakimu, mukamuuze zoona. Mayi ameneyo anapirira nkhondo, anapirira kuika mwana, apiriranso zimenezi. Chimene simungapirire ndi inuyo, mukanama." Ndinawayankha mwaukali kuti iwo za ntchito sadziwa. Anapitiriza kusankha nyemba zawo.

Ndinakwera shapa, kaminibasi ka kuno, m'mawa wa tsiku loyamba la Novembala nditatsimikiza kuti ndikanena zoona. Mawu ndinali nditawakonza njira yonse. Mai Rozalina ndinawapeza pachipata cha manda akundidikira. Anali ndi khasu, tsache, mtanda wamatabwa umene akatekisiti anawakhomera, kachitini ka penti yoyera ndi kaburashi. Anali atavala chitenje chatsopano, chokhala ndi mapindo a m'sitolo. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo yawo, mpaka pa mzere uja. Timiyala tisanu ndi titatu, udzu wouma, minga, palibe mtengo ngakhale umodzi.

Ndinayamba bwino. Ndinati, "Mayi, ali mu mzere uno." Mawu otsatira anali akuti koma sindikudziwa pati. Anali pa lilime. Iwo anatula katundu pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kundiyang'ana ndi nkhope imene sindinaionepo pa munthu aliyense amene ndinamujambula. Anati, "Zaka zisanu ndi ziwiri wakhala yekha, akuti amayi anamutaya. Ndionetseni, bambo."

Dzanja langa linakwera n'kuloza pa 44. Sindinasankhe chifukwa cha kanthu. Panali pafupi ndi phazi langa.

Anagwada, anaika chikhato pa dothi lotenthalo n'kuyamba kulankhula ndi mwana wawo motsitsa mawu, kumuuza kuti afika, kuti anadwala, kuti amalume ake anapita. Analambula, anasesa, anazika mtanda. Kenako anandipatsa kaburashi. "Inu ndinu ophunzira. Lembani dzina lake." Ndinalemba LUWIZA ndi dzanja langa, zilembo zisanu ndi chimodzi, penti ikudontha. Nditamaliza anati dzuwa landipweteka, ndipo anandipatsa madzi a m'botolo lawo.

Patatha masiku atatu anatumiza nkhuku kunyumba. Marita, uyenera kuti ukuikumbukira, tambala wofiira uja amene ndinaletsa kupha mpaka anafa ndi ukalamba, inu mukundiseka kuti ndayamba kuweta nkhuku za maluwa. Amayi anu sanandifunse kuti zinayenda bwanji kumandako. Anangoona nkhukuyo n'kulowa m'nyumba.

Bairo la 25 de Setembro, 2023

Tsamba lija linakhala zaka ziwiri. Bungwe litachoka panalibe wolisamala, ndipo tsiku lina linangosiya kutseguka. Mukalemba dzina lake lero mupeza poyera. Muzeu ndi mosungira mipando yothyoka. Kompyuta ija inafa chaka chimene ndinapuma, ndipo nkhope zodulidwa zija zinapita nayo, kupatula zimene mwina Dona Selesiti akadali nazo. Choncho ulemu umene ndinkati ndikuwabwezera anthu unatha m'zaka ziwiri, ndipo manambala amene ndinataya ndi amene akanawathandiza mpaka lero. Ndaganiza nthawi zambiri za mabanja ena a pa zithunzi zija. Sanabwere kudzandifunsa, ndipo ndikaona wina wa iwo mumsika ndimakhotera ku mzere wa nsomba.

Kawiri konse ndinanyamuka kuti ndikaulule kwa Mai Rozalina. Ulendo woyamba ndinabwerera pa siteji. Wachiwiri ndinafika pakhomo pawo, ndinawapeza ali gone pamphasa, ndipo asanandilole kukhala pansi anayamba kuuza anthu amene analipo kuti awa ndi bambo aja anandipezera mwana. Ndinamwa madzi amene anandipatsa n'kutsanzika. Anamwalira mu 2019. Anali atapempha kuti mtanda uja uzipakidwa penti chaka ndi chaka, ndipo akatekisiti anandiuza kuti pomaliza penipeni anatchula dzina langa pakati pa anthu oti Mulungu awadalitse.

Tsopano mukudziwa kumene ndimapita tsiku lachiwiri la Novembala ndi khasu ndi tsache, ngakhale kuti kumanda amenewo kulibe m'bale wathu. Sindipita chifukwa cha chifundo, musandiyamikire. Chaka chino mawondo akana, ndipo shapa sindingathenso kukwera. Joakimu, pempho langa ndi ili, ndipo ukadzatopa udzamusiyire mlongo wako. Ukafika, mtanda wa pa 44 uupake penti, pakuti ndi zimene amake anapempha, koma usaukhulupirire, ndinalemba ndine. Ulambule mzere wonse, kuyambira 40 mpaka 47, osadumpha ngakhale amodzi. Luwiza ali mwa amenewo. Sindikudziwa pati, ndipo amake anafa akundithokoza.